Dzina la agogo oyamba kulima dimba

Okondedwa Malume,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tilipo, koma amayi mtima suli m'malo. A Mangani, olima moyandikana nafe aja, akuti dimba lathu la ku Domasi ndi lawo, ndipo mlandu uli Loweruka.

Dzulo ndinathamangira ku laibulale ku Zomba kukafufuza dzina la agogo aakazi amene anayamba kulilima atachoka ku Mozambique. Mayi woyang'anira mabuku anafunsa, "Achimwene, amuna awo anali ndani?"

"Kwathu timatsata kuchikazi," ndinatero.

Anaseka. "Ndiye mwangovutika ndi ulendo."

Sananame. Mabuku akalewo analemba amuna okhaokha, kuphatikizapo hatchi ya mzungu.

Chonde imbani msanga mutiuze dzinalo. Digiri yanga yagwada, laibulale yotsala ndinu. Mulungu akusungeni, makamaka mutuwo.

Ine mphwa wanu,
Dalitso