Imvi Zimene Umabwera Kudzajambula

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kodi ukumadya, kapena ukungokhalira tiyi pamaso pa kompyuta? Kuno tilipo. Bondo lamanzere likuvutabe, koma mapiritsi sindikudumphitsa. Amayi ako ali bwino, ngakhale zimene ndikulembazi sanazimve.

Ukukumbuka mmene ndinasekera utandiuza za filimu yako, ya mayi wobadwa ali nkhalamba n'kumabwerera ku utsikana chaka ndi chaka. Ndinati masamu ake sakugwirizana, ndipo ine amene ndinakalambira pa bolodi ndikuphunzitsa masamu sindingaipatse mphoto ngakhale ya pensulo. Komabe ndinavomera kusewera mayiyo ali wokalamba, amayi ako ali wapakati, mng'ono wako n'kutsiriza. Pojambula unandivula mpango n'kundichotsa mano anga oikirira. Pochoka unandipempha chinthu chimodzi chokha: ndisakhudze tsitsi mpaka udzajambule gawo lotsala, lija mayiyo akupesa imvi pa galasi n'kupezamo tsitsi limodzi lakuda.

Mbali imene unanditumizira ndinayamba ndaionera ndekha. Ndinaimitsa chithunzi n'kuwerenga makwinya a pachipumi. Analipo asanu ndi anayi. Galasi la kubafa limandionetsa asanu.

Loweruka kunabwera anzanga aja timawerenga nawo mabuku pabalaza panga, ndipo ndinawaonetsa. A Namwino analira mpaka kupukuta magalasi. A Positi, bambo amasiye a nyumba yapakona aja, anati filimuyi ikuyenera mphoto, makamaka kwa amene anandipaka nkhope. Anati kusandutsa mayi wosalala ngati ine kukhala nkhalamba yofota chonchija, kukamwa kolowa, mutu woyera mbuu, si ntchito yamasewera. Kenako anafunsa ngati tsitsilo linali wigi.

Mdzukulu wanga, ndinati inde. Ndinawonjezeranso kuti kupakako kunkatenga maola awiri.

Anthu amenewa sanandionepo wopanda mpango kapena mano chimwalirireni agogo ako aamuna. Koma a Namwino ndi ochenjera. Anandiyang'ana cham'mbali n'kunena kuti ngati zili choncho, atsikana inu, Loweruka likubwerali mudzavule mpango tidzalione tsitsi mukutibisirali.

Lolemba ndinapita ku saluni. Mayi wa saluniyo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, n'kunena kuti imvi ngati zangazo ena amachita kuzilakalaka. Ndinamuuza kuti apake wakuda bii. Loweruka litafika ndinavula mpango. A Positi anaomba m'manja, amvekere ndayamba kubwerera m'mbuyo ngati mayi wa m'filimu. Ndinasangalala, ndipo apa ndi pamene pakundichititsa manyazi kuposa ponse. Ndinawathirira tiyi ndikumwetulira ngati mwana wa sukulu.

Tsiku lotsatira m'pamene unatumiza uthenga uja, woti filimu yalowa m'gulu la zomaliza pa mpikisano, oweruza akuifuna yathunthu mwezi wamawa usanathe, ndipo ukubwera ndi wakamera pakatha milungu itatu. Ndinakuyankha kuti Mulungu alemekezeke. 

Ndinathamangiranso ku saluni kuti achotse. Mankhwala ochotsera anasandutsa tsitsi la kutsogolo kukhala lachikasu ngati mphaka wa a neba, lina n'kuthothoka. Panopa mutu wanga uli ndi mitundu itatu. Mawigi oyera a ku saluniko ndinawayesa, koma amanyezimira ngati pulasitiki, ndipo kamera yako imene inapeza makwinya anayi amene galasi limandibisira singapusitsidwe. Imvi zatsopano ndikuziyeza ndi rula. Zikukula mamilimita atatu pa mlungu. Pofika iwe zidzakhala zitangodutsa sentimita imodzi, pomwe m'magawo unajambula kale zimafika m'khosi. Ndawerengera mobwerezabwereza, yankho silikusintha.

Za mphoto, ndinalakwitsa. Sindikunena chifukwa cha a Positi. Pali malo aja amayi ako, akusewera mayiyo atayamba kuoneka wamng'ono, akulowa m'chipinda mmene anzawo akale akucheza, anzawo n'kuwatuma kukatenga mpando ngati mwana. Iwo akungopita kukautenga. Ndaonerapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndimaiwala kuwerenga chilichonse. Filimuyi ikuyenera mphoto. Ikalephera, asadzanenedwe oweruza.

Dzulo ndinawauza a Positi zoona, kuti kunalibe wopaka nkhope, kunalibe wigi, nkhalamba ija ndine. Anayang'ana kapu, kenako anati tiyi wapola. Sanachedwe kutsanzika. Amayi ako ndiwauza ndekha mawa, usandiyambirire.

Tsono pempho langa ndi ili. Usagule matikiti usanaganize bwino. Ngati ungasinthe gawolo kuti mayiyo akhale wometa, ndimeta mpala tsiku lomwelo. Koma ngati sizingatheke, usataye mpikisano chifukwa chondimvera chisoni. Magawo anga ndi anayi okha, ukhoza kuwajambulanso ndi munthu wina. A Namwino ali ndi imvi zabwino zofika m'khosi, msinkhu wathu ndi umodzi, ndipo mawu amaloweza msanga. Ndawafunsa kale. Avomera mofulumira kwambiri moti zandiwawa, koma diresi la buluu lija ndinavala m'filimu ndalichapa, ndalisita, likuwadikira.

Undikhululukire, mwana wanga. Undipatsire moni kwa amuna ako ndi kwa wakamera, umuuze kuti ndachita manyazi. Mulungu akusunge, adalitse ntchito ya manja ako.

Ndine agogo ako okukonda,
Aphunzitsi a masamu