Kadontho kofiira sikakuimitsa pulogalamu ya amuna anga

Aphungu,

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yonyamula nzimbe kuno ku Dwangwa. Pulogalamu ya pa kompyuta yogawira malole minda analemba ndi amuna anga, a Hamidu, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa ntchitoyi. Chisankho cha matipate chitangotha anapita ku Joni. Makalata ankabwera, kenako zii.

Tsopano pulogalamuyo yayamba kutumiza malole awiri kumunda umodzi, munda wina n'kukhala wopanda lole. Iwo ankati, "Ikavuta, muike kadontho kofiira pamzere umene mukuukayikira. Ikafika pamenepo iima, muone pamene yasokonekera." Ndaika, koma imangodutsa ngati minibasi yodzaza. Abwana ati nyengo yodula nzimbe ikayamba ndisanakonze, aitana munthu wa ku Blantyre, ine ndibwerere kotaipa.

Kadonthoko ndinaika pamzere umene iwo eni analembapo m'Chichewa, pondiitana ndi dzina la mwana wathu, kuti, "Mayi a Amira, apa mpovuta, musathamange." Mzere umenewu ndimauwerenga m'mawa uliwonse, ndipo ndimachita kumva mawu awo. Ndawasowa, Aphungu. Kodi makinawa amangomvera mwini wake?

R.H., Dwangwa

Mayi R.H.,

Pukutani misozi, kompyuta sidziwa kuti a Hamidu ndani. Vutolo mwalitchula nokha. Mizere yofotokozera ngati umenewo makina saiwerenga, amangoilumpha. Ndiye pulogalamuyo iima bwanji pamene sinapondepo?

Tsitsani kadonthoko, mukaike pamzere woyamba pansi pake umene ukugwiradi ntchito yosankha lole. Ikadutsabe, kaikeni pamzere woyambirira wa pulogalamu yonse. Ikakana kuima ngakhale pamenepo, ndiye kuti mukukonza kope lina la pulogalamuyo koma mukuyendetsa lina, lakale. Imangeninso pulogalamu yonse kuchokera pa kope limene mukukonzalo, mutaonetsetsa kuti njira yofufuzira zolakwika ndi yotsegula. Ikaima, yendani nayo mzere ndi mzere mpaka muone pamene lole yachiwiri ikulowera. Wa ku Blantyre uja akhale kwawo.

Za bambowo, musangopenya msewu. Pitani kwa ankhoswe, afunse anthu obwera kuchokera ku Joni, poti a kunyanja kwanuko amadziwana kumeneko.

Chenjezo langa: musanasinthe kalikonse, koperani pulogalamu yonse padisiketi, ndipo pokonzapo musafufute mzere uja. Kompyuta sidzaimapo, chifukwa sanalembere iyo. Analembera inu.

Aphungu