Werenganso, Tadala

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Mitundu tilipo. Chisanu cha chaka chino chinali choopsa, moti ndinatulutsa bulangete lanu lija n'kumufunditsa Tadala. Mundikhululukire, ndinali nditanena kuti silidzachoka m'sutikesi.

Mkazi wa achimwene ku Nathenje anachira bwinobwino ku Nkhoma, mwana wamkazi. Mtedza umene munabzala musanadwale unatuluka matumba atatu. Bambo a Tadala akadali ku Joni, foni amaimba mwa apo ndi apo. Masana pakhomo pano pamangoti zii.

Chimene ndakulemberani ndi mdzukulu wanuyu. Sukulu akutsegulira Lolemba, ndipo akubwereza Sitandade 4. Chitisiyireni inu mu Meyi, buku sanaligwireko. Tchuthi chonse ndinangomuleka, ndimati mtima uyambe wakhala pansi. Koma sabata yatha ndinamumva ku mjigo akuuza mnzake kuti iye sukulu basi, sadzapitanso. Ine ndinalekezera Sitandade 6 ndi mawu omwewo, ndipo mpaka lero fomu ya kuchipatala ndimaiwerenga ndikutuluka thukuta.

Mukundidziwa mmene ndilili. Ndinatenga katoni ndi lula, n'kulemba ndondomeko: kuwerenga, masamu, Chingerezi, chilichonse ndi ola lake. Ndinaikhoma pachitseko. Ndinasongola mapensulo awiri, n'kumukhazika pampando, chala changa chili pamzere. Akangophonya liwu, ine pompo, "Ayi, bwereza!" Tsiku lachitatu anatseka buku, maso pansi.

"Agogo sankandidula pakamwa," anatero.

"Agogo akowo sankadziwa kuwerenga," ndinamuyankha. Ndikuchita manyazi kukuuzani zimenezi.

"Ndikudziwa. Koma ankamvetsera."

Apo ndinakumbukira inu. Ndinakuonani muli pakhonde, miyendo mutatambasula, lichero lili pamwendo, mukuswa mtedza, mwana akuwerenga pambali panu. Bukulo simunkaliyang'ana n'komwe. Akamaliza munkangoti, "Werenganso, mwanawe, makutu angawa ndi akale." Ine ndinkakhulupirira. Komatu makutu omwewo ndi amene ankamva mbuzi ikulowa m'dimba ife tonse tisanaimve. Kani munkangofuna kuti awerenge kawiri.

Dzulo ndinazula katoni ija. Dzuwa litapendeka ndinayala mphasa pamalo panu, ndinadzaza lichero, buku ndinangoliika pambali. Sindinamuitane. Ndinaswa mtedza ndekha nthawi yaitali, mpaka ndinayamba kuganiza kuti anthu odutsa akundiseka. Kenako anabwera, anatapa mtedza, anatafuna, n'kutola buku lija.

Anawerenga ndime imodzi yokha, ndipo anaphonya mawu awiri. Lilime linandiyabwa, Amayi. Ndinafinya khoko la mtedza mpaka chala kuwawa. Atamaliza ndinati, "Werenganso, sindinamve bwino." Anandiyang'ana nthawi ndithu, akudziwa kuti ndaba mawu anu. Koma anawerenga. Liwu limodzi analikonza yekha. Linalo anaphonyanso, ndipo ndinalileka. Mpaka pano likundisowetsa mtendere, koma ndinalileka.

Za Lolemba sananene kanthu, inenso sindinafunse. Koma m'mawa uno, pobwera kumunda, ndapeza yunifolomu yake ili pachingwe, ikudontha madzi. Wachapa yekha. Kolala sinayere kwenikweni, koma sindinaigwire. Ndinaima pamenepo ndikufuna woti ndimuuze, ndipo panalibe. Ndiye ndatenga imodzi mwa mapensulo awiri aja n'kulembera inu.

Achimwene amafuna mtedza upite ku msika. Ndakana. Ndiziswa lichero limodzi patsiku, osafulumira, kuti manja angawa akhale ndi chochita, asamalande buku m'manja mwa mwana. Ukadzatha mtedzawo ndidzatonola chimanga. Ndakulonjezani zimenezi, Amayi, ndipo pamphasa malo anu tikusiya.

Ndine mwana wanu amene akukusowani tsiku lililonse,
Esinati