Busta ya Chevelle ya Adadi

Lolemba, 10 Juni

Busta ndaipeza! Kumsika wa zitsulo zakale ku Flint, pansi pa mulu wa malimu a matayala. Wogulitsa akuti ndi ya Chevelle ya '69. Onse amatero. Ndapukuta kachitsulo ka nambala ndi malovu, ndi yomweyodi. Pa zimenezi sindipusitsidwa ine.

Chiyambire sitiroko, mwendo wa Adadi sukwanitsa kuponda buleki youma ija, ndipo galimotoli linabwera lopanda busta yofewetsa pedulo ya buleki. Ikalowa, Loweruka ayendetsa okha kupita kuchionetsero cha magalimoto akale. Ndawalonjeza.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndaitsegula. Achimwene a Wendell chiimire pakhomo la garaji, kofi kumanja: "Iwe Lorna, sipuling'i ya m'katimo ikugulula mano, uona." Ndaipana bwinobwino, yatuluka mwaulemu, mano anga onse alipo. Labala ya m'kati inali yong'ambika ngati nsapato yakale. Ndaika yatsopano, masilo otseka mpweya atsopano, kagirizi pang'ono. A W. angoti "hmm". Kwa iwowo kumeneko ndiye kuyamikira.

Lachitatu, 12 Juni

Yalowa. Yokongola zedi. Mawa kuyesa.

Lachinayi, 13 Juni

Pedulo gwa! Ngati mwala. Ndatukwana mpaka galu wathawa.

Ndaimasulanso, cholakwa palibe. Ntchito yanga ndimaidziwa. Busta imadalira mpweya womwe injini imayamwa, ndiye ndaika geji papaipi. Singano ikungonjenjemera pansi penipeni. Ndikutembenuka, Adadi pampando wawo akuyang'ana kudenga ngati sakumva.

"Adadi, munaikamo chiyani mu injinimu?"

Kamu ya mpikisano, ati, chaka cha '74. Kamu ndi chitsulo chotsegula ndi kutseka polowera mpweya mu injini. Kugudugudza konse kuja, komwe msewu wathu wonse umawadziwira, ndi imeneyo. Injini yotero siyamwa mpweya wokwanira busta.

"Bwanji osanena?"

"Sunafunse."

Ha, munthu wamkulu ameneyu! A W. ati tigule pampu yamagetsi yoyamwa mpweyawo. Ndaimba paliponse, ifika sabata yamawa. Ndawauza Adadi mosapsatira: kamu ituluke, apo ayi Loweruka mukhala mpando wa pasinjala. Chakudya chamadzulo sanachikhudze. Zandiwawa, komatu sindingawapatse galimoto losaima.

Lachisanu, 14 Juni

M'mawa ndapeza kamu yoyambirira ya kufakitale ili pabenchi, yokulunga m'nsanza ya oilo. Aitulutsa kuti, ainyamula bwanji ndi ndodo yawo ija, kaya.

Anati ndilize injini kaye. Gudu, gudu-gudu, gudu, mpaka zitini pashelefu kumavina. Anamvetsera dzanja lili pabonati, maso otseka. Kenako: "Zimitsa. Chotsa."

Ndinalira, sindibisa. Tagwira tsiku lonse ndi a W. kusintha kamu, osakangana n'kamodzi komwe. Singano yakwera. Pedulo yafewa. Ndinadziwa.

Loweruka, 15 Juni

Adadi pachiwongolero, ine pambali. Injini ikungong'ung'udza chapansipansi, aneba sanasuzumire n'komwe. Potsetsereka paja loboti yayaka yofiira. Ndinayang'ana mwendo uja ukunyamuka pang'onopang'ono, n'kutera papedulo. Galimoto linaima, ndendende pamzere.

Yobiriwira. Iwo ali phee, phazi likadali pabuleki. Kumbuyo mahutala ayamba.

"Adadi, tiyeni, yatseguka."

"Ndaona, mwanawe. Asiye adikire. Ndaimitsa ndine."