Mnzanu wa ku America wamwalira

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno ku Kabwata kwacha ndi mphepo ya Julayi, ija imalowetsa fumbi pansi pa chitseko. Tsopano ndi masana, dzuwa lilipo koma silikutentha. Ndakhala pakhonde nditavala juzi lanu lobiriwira. Lero sindinapite ku ntchito, abwana anga a ku Woodlands apita ku ukwati.

Tonse tili bwino. Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, anabereka mwana wamwamuna, ndipo makutu watenga anu. Azakhali a ku Katete anatumiza thumba la mtedza pa basi, ndinakalitenga ku siteshoni ya Intercity. Akuti chimanga sichinachite bwino chifukwa mvula inadula msanga. Tebulo lanu la tomato pamsika tinawapatsa amake Mutale, anansi athu aja, ndipo makasitomala ena amafunsabe za inu.

Nkhani imene yandikhazika pansi ndi iyi: mnzanu wa ku America wamwalira. Mwina mwaonana kale. Ndikunena mzungu wa tsitsi lofiira uja wa m'sewero la pa TV, amene ankakhala mayi wamasiye wogulitsa chakudya. Chingerezi simunkachimva, koma munkatsitsa mawu a TV, amayi a pabwalo lathu atadzaza pamphasa, inu n'kumamulankhulira m'Chinyanja. Iye akangotsegula pakamwa, inu munkati, "Iwe, usaniyangane so, mbale zanga wapwanya ndiwe." Amake Mutale ankaseka mpaka kutsokomola. Sewero likatha munkati, "Uyu ni munzanga, tinavutika chimodzimodzi."

Ndinamva za imfa yake ndikusita zovala pabalaza la abwana. Pa TV anaonetsa moyo wake wonse, ndipo pamene Chingerezi changa cha Giredi 7 chinathera, abwana anandithandiza. Akuti anabadwira m'katauni kakang'ono, m'banja losauka. Atate ake sankafuna kumva za masewero. Koma amayi ake, amene ankasoka zovala, anakwera naye basi ulendo wautali kupita ku mzinda wa mafilimu, n'kumamudikirira panja iye akuyesedwa m'kati. Zaka zambiri ankangopatsidwa timbali tating'ono: wobweretsa tiyi, woyankha foni, kapena wofa filimu isanafike pakati. Mbali ya mayi wamasiye ija inabwera ali kale ndi ana akeake. Atakalamba anthu anamuiwala, kenaka anabwereranso ngati woweruza milandu wa imvi. Zimenezo simunazione, munali kale m'chipatala. Ndikudziwa kuti mukanamulankhulira bwino woweruzayo.

Ndikamaganiza tsopano ndimaona kuti inunso munali katswiri wa masewero. Ife tinkangoti amayi ndi oseketsa. Palibe anakuuzani, ngakhale ine amene ndinkakhala pafupi ndi miyendo yanu.

Chimene chinandibaya mtima kwambiri ndi cha amayi ake aja, chifukwa cha Chisomo, chitsiriza wanu. Mng'ono wangayu watenga inu ndendende. Ku sukulu anachita sewero, ndipo mayi wina wokonza masewero a pa TV anamuona, n'kumuitana kuti akayesedwe ku Kabulonga. Anangoti abwere ndi munthu wamkulu wa pakhomo. Mukudziwa kuti chichokereni inu, mawu omaliza ndi a amalume, alongo anu a ku Chelstone. Tinapita kwa iwo tonse awiri kukapempha chilolezo. Anamvetsera akutsuka galimoto yawo, kenaka anati, "Mwana wa mlongo wanga azigwiridwa dzanja ndi amuna dziko lonse likuona? Kumpingo ndikayenda bwanji?"

Chisomo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana madzi a sopo akuyenda pansi. Munkakonda kundiuza kuti, "Esnati, pakamwa pako si sutikesi ya mlendo, tsegulako." Tsiku limenelo sindinatsegule. Mbali ija anapatsa mtsikana wina. Timamuona pa TV Lachitatu magetsi akakhalapo, ndipo Chisomo amadzuka n'kukatsuka mbale zotsuka kale. Sanandinenepo kanthu. Bola akanandikalipira.

Sabata ino mayi wa masewero uja waitananso. Pali sewero latsopano, akufuna kumuona Chisomo Lolemba m'mawa.

Apa ndiyenera kukuuzani chinthu china, ngakhale ndikuchita manyazi kulemba. Pali mnyamata, dzina lake Mwansa, kalipentala wa pamsika pathu pano. Ndi wofatsa, amalankhula pang'ono ngati ine. Akwawo akufuna kubwera mwezi wamawa kudzandifunsira, ndipo wowalandira ndi kutiimira ndi amalume omwewo. Yohane sangathe, kwa akuluakulu aja iye ndi mwana.

Dzulo nditaweruka ndinakwera minibasi kupita ku Chelstone ndekha. Ndinagwada pakhomo, ndinati, "Amalume, Lolemba ndikumuperekeza Chisomo. Ndikakhala naye mpaka amalize." Mawu anatuluka aang'ono moti anati ndibwereze. Ndinabwereza. Apo anati, "Wakula eti? Chabwino, pita naye. Koma a kwa Mwansa wakoyo akabwera, upeze wina wowalandira. Ine ayi."

Pobwerera ndinalira mu minibasi mpaka kondakitala anandifunsa kuti, "Ba sista, bakubelani foni?" Ndinapukusa mutu, iye n'kupitiriza kuitana anthu a ku tauni.

Amayi, sindikudziwa ngati ndachita bwino. Sindikudziwa ngati akwawo kwa Mwansa angavomere mtsikana amene malume wake wakana kumuimira. Sindikudziwanso ngati Chisomo akasankhidwe, mwina akangomupatsa mbali yobweretsa tiyi, mwina akangomuthokoza n'kumubweza. Ndikanalankhula tsiku loyamba lija, mwina amalume akanakalipa n'kuiwala. Tsopano akuti ndinavomera ndi chete wanga, ndiye ndawagalukira. Mukanakhalapo inu mukanawaseketsa alongo anuwo mpaka akanatiperekeza okha pa galimoto yawo. Ine zimenezo sinditha. Ndimangodziwa kugwada ndi kubwereza mawu.

Chisomo nditamuuza sanati zikomo. Anandiyang'ana maso anga otupa, n'kundifunsa ngati angabwereke nsapato zanga zakuda. Pano ali m'nyumba, ndikumumva akulankhula yekha mawu a anthu atatu osiyana. Abwana andilola kufika masana Lolemba.

Ndikukulonjezani kuti amalume akaimba foni sindisintha mawu anga. Ndipo mawa tikatuluka m'tchalitchi ndimuuza Mwansa zonse, ndi pakamwa panga, asanamve kwa ena. Akachoka, achoke atamva kwa ine.

Muwapatse moni atate. Ndimakusowani tsiku lililonse.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esnati

Ndamaliza kulemba Loweruka, 4 koloko madzulo.