Albertina Akukana Kuima Kutsogolo

Bairro Chingodzi, Tete
14 Novembro 1995

Okondedwa mana Marcelina, mkulu wanga,

Ndikhulupirira kuti ku Tsangano mvula yagwa ndipo mwabzala. Kuno ndi dzuwa lokhalokha, fumbi mpaka m'mano. Mwana wanu Albertina, amene munandipatsa kuti aphunzire kuno, ali bwino, wayambanso kutola Chinyungwe. Ine ndiye mtima sukukhazikika, kalatayi ndayiyamba katatu.

Ku eskolinya, sukulu ya mkaka komwe ndikuphunzitsa, ana asanalembedwe ku primeira kalasi, kalasi yoyamba ya pulaimale, timawayesa tinthu tating'ono: chachikulu ndi chaching'ono, mkati ndi kunja, kutsogolo ndi kumbuyo. Mabuku tilibe, timangogwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo ndi chitini chija tinachokera nacho ku kampu ku Malawi. Zonsezi Albertina anakhoza mosavuta. Koma nditamuuza kuti aime kutsogolo kwa mnzake, anapita kumbuyo. Ndinati aime pambali, anabwereranso kumbuyo, maso ali pa mapazi a mnzakeyo. Katatu konse. Dona Felizarda, mkulu wa sukulu yathu, anali pomwepo ndi cholembera, ndipo manyazi anandigwira poti mwanayo ndi wa m'nyumba mwanga. Ndiulule, mana: ndinamukoka dzanja mpaka analira, ndipo papepala ndinalemba kuti sadziwa.

Sabata yonse ndinalimbana naye. Ndikati aike chitsekerero kutsogolo kwa chitini amaika bwinobwino, n'kundiyang'ana ngati wosamva ndine. Koma kuti aimepo yekha, ayi. Lachinayi tikuchokera kotunga madzi ndinacheuka, ndipo ndinaona kuti akuponda momwe ndapondamo ine, phazi ndi phazi. Ndinamufunsa chifukwa chake.

"Amama anati ndiziponda pomwe aponda akulu," anatero. "Apapa ndi amene anali kutsogolo."

Ndowa ndinaitula pansi. Pochoka ku Malawi ine ndinabwerera pa lole molunjika ku Tete, sindinaione njira ya kumunda komwe mlamu Domingos, bambo ake a Albertina, anaponda bomba lokwirira. Simunandiuzepo kuti tsikulo mwanayu anali nanu. Sindikukudzudzulani, koma zikundiwawa kuti ndinalanga mwana chifukwa chomvera mayi ake.

Ndamuuza kuti bwalo la kuno lilibe mabomba. Ndinafika podumphadumpha pabwalo ponse ngati wamisala, ana onse ali phwete kuseka, iye yekha osaseka. Akuti lamulolo sindinamupatse ndine.

Dona Felizarda avomera kumuyesanso pa 1 Dezembro, mndandanda wa maina usanatumizidwe. Akapanda kuima kutsogolo atsala chaka china ndi tiana ta zaka zinayi, mwana wanzeru chonchi. Ndinaganiza zongosintha zomwe ndinalemba zija, koma nanga ku primeirako akadzamuitana kuti akaime pamaso pa anzake, adzatani?

Chonde bwerani pa lole ya a Zeca ikamatsika ndi mbatatesi, mudzamuuze ndi pakamwa panu kuti kuno angathe kutsogola. Munda ukakukanizani, lembani ngakhale mawu awiri ndimuwerengere, ngakhale ndikukayika ngati angakhulupirire pepala.

Mupereke moni kwa amama, muwauze kuti mchere ndiwatumizira. Albertina akuperekanso moni. Pomwe ndikulemba pano waima kumbuyo kwanga ndi chigubu chake, akudikira kuti ndiyambe ndine kutuluka.

Ndine mng'ono wanu,
Gracinda