Anthu Oima Kumbuyo pa Mlatho

4 Marichi, Lolemba
Kukuzizirabe. Sitima yachedwa, kuntchito ku Arlington ndafika 8 koloko itadutsa. A Foster, nkhalamba yomwe ndimaisamalira, akana phala. Zaka 89, Mngelezi, anali injiniya wa asilikali ngati bambo awo. Akuti asanafe amalize buku lawo, mbiri ya magulu a mainjiniya amene ankapita kunkhondo mongodzipereka. Manja awo amanjenjemera, ndiye mabokosi a zithunzi wotsegula ndine.

6 Marichi
Chithunzi cha 1944, ku Burma. Mlatho wachitsulo, azungu anayi pamipando, kumbuyo kwaima anthu akuda ngati makumi awiri. Kuseri kuli maina anayi basi. Ndachigwira nthawi yaitali. Agogo anga aamuna, a Kalekeni, anapita kunkhondo yomweyo ababa ali m'mimba. Sanabwerere. Ngakhale chithunzi chawo, kulibe.

10 Marichi, Lamulungu
Chithunzi cha mlatho chija ndachitumiza kwathu ku Ntcheu, pa foni ya achemwali. Chifukwa chake sindikudziwa. Masana ababa aimba foni. Mawu awo achepa.
"Wachitatu kuchokera kumanzereyo. Makutuwo ndi anga."
Aseka mpaka kutsokomola. Ndatha zaka zisanu ndi zinayi osawaona ababa. Kaseke kawo ndinali nditakaiwala.

12 Marichi
Ndafunsa a Foster. Atsegula kabuku ka bambo awo, kuwerenga ndi galasi. Gululo linali la ku Gold Coast, Ghana ya lero. Wa ku Nyasaland panalibe ndi mmodzi yemwe. Apepesa kawiri. Akuti bambo awo ankanena kuti omanga mlathowo anali anthu akumbuyowo, koma maina sanalembe.
Ndakatsuka makapu oyera kale.

17 Marichi, Lamulungu
Ku tchalitchi ndauza a Yande, mnzanga wa ku Lusaka. Iwo, "Uwauze chabe, ni bakulu." Ndavomera. Foni sindinaimbe.

2 Epulo
Achemwali akuti ababa anakatsukitsa chithunzi chija ku boma, achiika mufelemu pamwamba pa wailesi. Aliyense wolowa m'nyumba akumuonetsa. Dzulo anameta, kuvala jekete, n'kujambulitsa atachinyamula pachifuwa. Aonda. Jekete ija yawakulira.
Andituma: ndifunse Mngeleziyo ngati bambo ake anakambapo za munthu ameneyu. Anali wotani, waukali kapena wofatsa.
Yankho ndalemba katatu, kufufuta.
Ndatumiza kuti anali wofatsa.